Mwana wa koliki: kwa chiropractor, madontho a ku famase, kusintha mkaka kapena kungodikira?

Mwana akayamba kulira cha m'ma 5 koloko madzulo n'kumangopitirira mpaka pakati pa usiku, nkhope itafiira, timanja atafumbata, miyendo akukokera pamimba, mwamuyamwitsa, thewera mwasintha, mwamuyendayenda naye mpaka mkono wachita dzanzi koma iye olo kusiya, munthu umafika povomera chilichonse chimene wina angakuuze kuti chimathandiza. Nde masiku ano chimene chikutchuka kwambiri pa Facebook ndi pa TikTok ndi zopita naye kwa chiropractor, anthu aja amawongola msana ndi khosi, mumaona vidiyo mwana akulira, munthu uja amugwiragwira kumsana ndi zala, kenako mwana ali zii ndipo mayi ake akugwetsa misozi yachisangalalo. Ndikufuna tiyike njira imeneyi pambali pa zinzake zonse zimene makolo amayesa, tione kuti iliyonse ili ndi umboni wanji komanso ingamupweteke bwanji mwana, chifukwa zinthu ziwiri zimenezi pamafunika kuziyezera limodzi.

Koma tisanafike kumeneko pali chinthu chimodzi chokhudza koliki, kulira kosatonthozeka kwa khanda lathanzi kumeneku, chomwe mukachimvetsa zina zonse zimayamba kuoneka bwinobwino. Mu 1954 dokotala wa ana wa ku America dzina lake Morris Wessel anapereka muyezo womwe mpaka pano anthu amautchulabe: mwana wathanzi, woyamwa bwino, yemwe akulira maola opitirira 3 pa tsiku, masiku opitirira 3 pa sabata, kwa masabata opitirira 3. Madokotala a pano sachita kudikira kuti masabata 3 akwane kaye ayi, ndani angamuuze mayi wotopa kuti bwererani mukawerenge masabata, koma chithunzi chake ndi chomwecho. Zimagwira pafupifupi mwana mmodzi pa ana 5 alionse, woyamwa bere ndi wakumwa mkaka wa m'chitini chimodzimodzi, wamwamuna ndi wamkazi chimodzimodzi. Kulirako kumayamba mwana ali ndi masabata ngati 2, kumafika pachimake cha pa masabata 6, kenako kumayamba kutsika kokha ndipo pofika miyezi 3 kapena 4 ana ambiri amakhala asiya. Chimayambitsa n'chiyani kwenikweni, akatswiri sanagwirizane mpaka lero, ena amaloza tizilombo ta m'matumbo, ena ubongo womwe sunakhwime moti mwana amalephera kudzitonthoza akayamba kulira, ena apeza kuti ana a koliki akakula amakonda kudwala mutu waching'alang'ala.

Nde taganizani. Kholo limapita kukafuna thandizo liti? Silipita sabata yoyamba, limapita zinthu zikafika poipa, cha pa masabata 5, 6, 7 pomwepo, nthawi yomwe kulirako kwatsala pang'ono kuyamba kutsika kokha. Chilichonse chimene mungamupatse mwana nthawi imeneyo chioneka ngati chagwira ntchito. Madontho, tiyi, kusisita, kuwongola msana, zonse zimalandira ulemu wa ntchito yomwe nthawi yagwira, ngati tambala woganiza kuti dzuwa latuluka chifukwa iye walira. Mayi amene akukuuzani kuti "wanga anasiya titangopita kawiri" sakunama ayi, anaonadi zimenezo ndi maso ake, kungoti sangadziwe kuti mwanayo akanatani akanakhala pakhomo. N'chifukwa chake pa nkhani ya koliki umboni wa mnzanu, olo akhale wokhulupirika bwanji, sukwanira, pamafunika kafukufuku woyerekeza ana amene alandira chithandizo ndi amene sanalandire, makolo asakudziwa kuti wawo ali gulu liti.

Choyamba pa zonse, ndipo ichi sindikuchiyika pa mpikisano ndi njira zinazo, mwana akaonedwe ndi dokotala kapena nesi. Koliki ndi dzina lomwe limaperekedwa zina zonse zikachotsedwa. Ku Toronto mu 2009 anaunika makanda 237 omwe anabwera nawo kuchipatala chifukwa cha kulira basi, opanda kutentha thupi, ndipo 12 mwa iwo anapezeka ndi vuto lalikulu, lomwe linachuluka linali matenda a njira ya mkodzo. Ndi ochepa inde, 5 pa 100, koma wanu atakhala mmodzi wa iwo simungafune kuti masabata apite mukumuwongola msana. Zomwe sizidikira mawa ndi izi: thupi kutentha kufika 38 mwana asanakwane miyezi 3, masanzi obiriwira kapena kusanza kothovoka mwamphamvu nthawi iliyonse akayamwa, magazi m'chimbudzi, kukana bere, kufooka, liwombo kutukuka, kupuma movutikira, mimba kutupa n'kulimba, chotupa m'mphechepeche, kapena sikelo kusakwera. Ndipo muvuleni mumuone thupi lonse, zala zakumapazi ndi zakumanja zomwe, chifukwa tsitsi limodzi lokha likazengereza kachala limamuliza mwana koopsa ndipo anthu ambiri saganizirako.

Tsopano za chiropractor. Ntchito imeneyi anaiyambitsa D.D. Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, iye ankati anachiritsa munthu wogontha, Harvey Lillard, pomukankha fupa la msana, ndipo chiphunzitso chake chinali choti matenda ambiri amabwera chifukwa mafupa a msana asuntha pang'ono n'kumapana mitsempha. Kwa akuluakulu omwe akumva msana pali umboni woti kuwongolako kumathandizako pang'ono, mofanana ndi njira zina zamsana, zimenezo sindikutsutsa. Koma kwa khanda amati pobadwa khosi kapena msana zimapanikizika, nde mwana akulira chifukwa cha zimenezo, ndipo palibe amene anaonetsapo kuti makanda a koliki misana yawo ndi yosiyana ndi ya makanda osalira. Kunena zoona ambiri a iwo sachita kumuthyola khanda ngati amachitira akuluakulu, amangodina pang'ono ndi nsonga za zala kapena kachipangizo kodumpha, ndipo amakhala anthu aulemu, amakupatsani nthawi, amakumverani mpaka mumalize, chinthu chomwe kuchipatala chodzaza anthu simuchipeza kawirikawiri. Ine ndikuganiza kuti gawo lalikulu la zomwe makolo amapindula kumeneko ndi limeneli.

Kafukufuku alipo ndipo nkhani yake ndi yosangalatsa kuitsatira. Mu 1999 ku Denmark anatenga makanda 50, ena anawawongola msana ena anawapatsa madontho a mpweya, ndipo owongoledwawo anaoneka kuti achepetsa kulira kwambiri. Ma chiropractor amaitchula study imeneyi mpaka lero. Vuto lake ndi loti makolo ankadziwa zomwe mwana wawo walandira, ndipo amene ankalemba maola olira ndi makolo omwewo. Munthu amene wanyamuka, wapita, waona katswiri akumugwira mwana wake mwaluso, amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, kulira komweko amakumva mosiyana, ndipo mwinanso mwanayo amamvadi kuti manja omunyamula sakunjenjemera. Nde mu 2001 ku Bergen, ku Norway, anachita mwanzeru. Nesi ankamutenga mwana kupita naye m'chipinda china makolo n'kutsala panja, ana ena chiropractor ankawawongola, ena nesi ankangowanyamula kwa mphindi 10 n'kuwabweza, katatu pa masiku 8. Pa makanda 86 omwe anamaliza, owongoledwa amene anasintha anali pafupifupi 70 pa 100, ongonyamulidwa 60 pa 100, kusiyana kochepa koti kukhoza kungochitika mwamwayi. Onani bwino nambala yachiwiriyo, ana 6 pa 10 alionse anapeza bwino atangonyamulidwa ndi nesi basi.

Panabweranso ina ku England mu 2012 ya makanda 104 yomwe inapeza kuti kuwongola kumathandiza, koma ana ambiri anasiyira panjira kafukufuku asanathe, zomwe zimasokoneza zotsatira. Chaka chomwecho a Cochrane, bungwe lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense pa nkhani imodzi n'kumuyeza, anaphatikiza ma study 6 a makanda 325, kuphatikizapo a osteopath, omwe nawonso amawongola mafupa ndi minofu ndi manja, ndi aja amasisita mutu. Akaphatikiza onse zinkaoneka ngati kulira kumatsika ndi ola limodzi ndi mphindi 12 pa tsiku, koma atangotenga okhawo omwe makolo sankadziwa gulu la mwana wawo, phindu lija silinaonekenso motsimikizika. Yaikulu kwambiri inatuluka mu 2021, ku Denmark konko, makanda 185 anamaliza, makolo osadziwa, ndipo kulira kunatsika ndi ola limodzi ndi theka kwa owongoledwa, ola limodzi kwa enawo, nde atawerengera zinthu ngati msinkhu wa ana ndi mmene ankalirira poyamba, kusiyana kwa theka la ola kuja sikunafike poti munthu n'kunena motsimikiza kuti si mwayi chabe. Ndiye mwachidule, mukamabisa kwambiri kwa makolo, phindu limanka lichepa. Mankhwala enieni sachita choncho.

Nanga kuopsa kwake? Apa ndisakokomeze. Ngozi zazikulu ndi zosowa, makanda ambiri omwe amapita kumeneko amabwerako bwinobwino. Koma si ziro. Mu 2007 magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics inasonkhanitsa nkhani zolembedwa za ana ovulala atawongoledwa msana, inapeza 14, ndipo 9 zinali zazikulu, kuphatikizapo kukha magazi mu ubongo ndi kufa ziwalo, komanso panali nkhani zina 20 za ana omwe matenda awo enieni anachedwa kupezeka chifukwa ankathandizidwa kolakwika. Ku Netherlands mu 2009 madokotala analemba za khanda la miyezi 3 lomwe linamwalira munthu wochita zosisita mutu ndi msana atalipinda khosi ndi msana mwamphamvu. Khosi la khanda ndi lanthete, mutu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, mafupa sanalimbe, ndipo mwanayo sangakuuzeni kuti apa pakuwawa siyani. Palibenso dongosolo labwino lolembera ngozi zoterezi, nde palibe amene angakuuzeni molondola kuti zimachitika kamodzi pa ana angati.

Ku Australia nkhaniyi inafika mpaka kuboma. Mu 2019 panatuluka vidiyo ya chiropractor wa ku Melbourne atanyamula khanda la masabata 2 chadodolido, atagwira miyendo, anthu anakwiya kwambiri, ndipo bungwe loyang'anira ma chiropractor m'dzikomo linaletsa kaye kuwongola msana ana osakwana zaka 2. Boma la chigawo cha Victoria, komwe kuli Melbourne, linauza a Safer Care Victoria, bungwe lake loona za chitetezo cha odwala, kuti aunike, iwo anapeza kuti umboni wa kuvulala ndi wochepa koma umboni woti zimathandiza ndi wofookanso, nde analangiza kuti ana osakwana zaka 12 asamawongoledwe msana pa zinthu ngati koliki. Chiletso chija chinachotsedwa chakumapeto kwa 2023 koma mu June 2024 anachibwezeretsa nduna za zaumoyo zitadandaula. Ku Britain nako, mu 2008 mlembi wa za sayansi Simon Singh analemba mu nyuzipepala ya The Guardian kudzudzula bungwe la British Chiropractic Association chifukwa chonena kuti mamembala ake amathandiza koliki ndi matenda ena a ana popanda umboni, bungwelo linamusumira, koma mu April 2010 linausiya mlanduwo. Kwa ine chiweruzo pa njira imeneyi ndi chosavuta: phindu losatsimikizika, ngozi yaing'ono koma yoti ikachitika sibwerera, kuwonjezera ndalama za maulendo angapo, pa vuto loti litha lokha. Sindingapereke khosi la khanda pa zimenezo. Za osteopath, zosisita mutu ndi acupuncture, yobaya timasingano pathupi, nkhani yake ndi yomweyo, ma study aang'onoang'ono otsutsana, a ku Sweden anati masingano amathandizako pang'ono a ku Norway anati ayi.

Tibwere ku famase. Madontho a simethicone, ena mumawadziwa ngati Infacol kapena Mylicon, ntchito yake ndi kuphatikiza timathovu ta mpweya m'mimba kuti mwana ageye kapena aphwise mosavuta. Salowa m'magazi, nde ndi osaopsa kwenikweni, koma mu 1994 atawayesa pa makanda 83 anapeza kuti sanapose madontho abodza opanda mankhwala. Komanso mpweya umene mumaumva m'mimba mwa mwana wa koliki nthawi zambiri amaumeza polira komweko, ndiye kuti kulira ndi kumene kwabweretsa mpweya. Ngati mukufuna kuyesa sabata imodzi palibe choipa, koma osasintha kanthu siyani, musamangogula botolo ndi botolo. Madontho a lactase, ngati Colief, omwe amaswa shuga wa mumkaka, umboni wake ndi wosakanikirana ndipo ndi ovuta kugwiritsa ntchito kwa mwana woyamwa bere.

Gripe water ndi wakale kwambiri, anamupanga William Woodward ku England mu 1851 ndipo poyamba munali mowa wokwana 3.6 pa 100, shuga ndi soda, nde n'zosadabwitsa kuti ana ankagona. Ambiri a masiku ano mowa anachotsamo koma werengani pabotolo, chifukwa palibe fomula imodzi, kampani iliyonse imathiramo zake. Palibe kafukufuku wabwino woonetsa kuti amachiza koliki, chomwe chimamutontholetsa mwana kwa kanthawi ndi kutsekemerako. Ndipo a WHO amati miyezi 6 yoyamba mwana azingoyamwa bere basi, olo madzi ayi, chifukwa chilichonse cholowa m'kamimba kakang'onoko chimalanda malo a mkaka komanso chikhoza kubweretsa tizilombo. Zomwezo ndi matiyi ndi zitsamba. Chitsamba cha fennel chili ndi ma study ochepa oonetsa kuti mwina chimathandiza, koma mlingo wake kwa khanda palibe akuudziwa bwino, ndipo mu 2003 a FDA, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, anachenjeza za tiyi wa star anise makanda atayamba kukomoka ndi kunjenjemera chifukwa mtundu wina wa chomeracho ndi wapoizoni ndipo umafanana ndi wabwinowo. Uchi ndiye ayi ndithu mwana asanakwane chaka, umatha kubweretsa botulism, matenda ofoola thupi mpaka kupuma.

Pali mankhwala awiri omwe ndikufuna muwadziwe mayina kuti wina akakupatsani mufunse mafunso. Dicyclomine, ena amalemba dicycloverine, amachepetsadi kulira, ameneyu umboni ulipo, koma analetsedwa kwa ana osakwana miyezi 6 chifukwa ena ankasiya kupuma ndi kukomoka. Enawo ndi mankhwala ochepetsa asidi m'mimba ngati omeprazole ndi lansoprazole, omwe amaperekedwa kwambiri poganiza kuti mwana akulira chifukwa cha chilungulira. Mu 2009 atayesa lansoprazole pa makanda, amene anapeza bwino anali 54 pa 100 mbali zonse ziwiri, omwa mankhwala ndi omwa abodza, ndipo omwa mankhwalawo ndi amene anadwala kwambiri matenda a m'chifuwa. Alipo ana omwe amafunikadi mankhwalawa koma kulira kokha si chifukwa chokwanira.

Nde chilipo chomwe chili ndi umboni? Chilipo, ngakhale si chozizwitsa. Pali tizilombo tabwino ta m'matumbo totchedwa Lactobacillus reuteri, mtundu wa DSM 17938, timagulitsidwa ngati madontho a BioGaia, madontho 5 pa tsiku. Kafukufuku woyamba wochokera ku Turin ku Italy anaonetsa kuti ana oyamwa bere amachepetsa kulira, kenako mu 2014 ku Melbourne anayesa pa makanda 167, oyamwa bere ndi a mkaka wa m'chitini pamodzi, osapeza phindu, anthu n'kusokonezeka. Mu 2018 anaphatikiza ma study 4 a makanda 345 n'kuona mwana mmodzimmodzi, ndipo chinatuluka ndi choti kwa oyamwa bere zimathandizadi, kwa a m'chitini umboni sukwanira. Kusiyana kwake ndi chiropractor ndi kumeneku, apa makolo sankadziwa botolo lomwe apatsidwa koma phindu linaonekabe. Dziwani kuti zimatenga masabata ngati 3 kuti muone kusintha, si ana onse amene amasintha, ndipo dzina la mtunduwo ndi lofunika, si probiotic aliyense wa pa shelefu. Mwana wobadwa masiku osakwana kapena wa chitetezo chofooka musamupatse musanafunse dokotala.

Njira ina ndi ya mkaka wa ng'ombe. Makanda 2 kapena 3 pa 100 thupi lawo limadana ndi puloteni ya mumkaka wa ng'ombe, ndipo kulira kwawo kumafanana ndi koliki, koma kawirikawiri pamakhala zizindikiro zina, zidzolo kapena khungu louma loyabwa, kutsegula m'mimba, timagazi kapena zonanda m'chimbudzi, kusanza pafupipafupi, sikelo yosakwera bwino. Zikatero dokotala amatha kunena kuti mayi woyamwitsa asiye mkaka ndi zonse zopangidwa ndi mkaka kwa masabata 2 mpaka 4, kapena ngati mwana ali pa chitini asinthire ku fomula yapadera yomwe puloteni yake inaswedwa kale, kenako mumabwezeretsa mkaka uja kuti muone ngati kulira kubwererenso, chifukwa popanda kubwezeretsa simungadziwe ngati unalidi mkaka kapena nthawi yangokwana. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona mayi woyamwitsa, wotopa kale, akusala ichi ndi icho mpaka kutsala ndi zakudya ziwiri zitatu chifukwa aliyense wobwera akumuuza kuti ndi zomwe wadya. Iye akufunika mphamvu. Ndipo chonde musasiye kuyamwitsa poganiza kuti mkaka wanu ndi woipa, ana a m'chitini amalira chimodzimodzi. Kusinthasintha zitini sabata iliyonse nakonso sikuthandiza, fomula ya soya salangiza kwa ana osakwana miyezi 6, ndipo wa mbuzi puloteni yake imafanana kwambiri ndi ya ng'ombe. Chomwe chili chaulere n'choyenera kuyesa msanga ndi kupempha nesi kapena mzamba aone mmene mwana akugwirira bere, chifukwa akamagwira nsonga yokha amameza mpweya wambiri ndipo sakhuta bwino. Utsi wa fodya nawo, ana a m'nyumba zosuta amapezeka ndi koliki kwambiri.

Kenako pali zomwe manja anu angachite. Kumufunditsa mothina pang'ono m'kansalu kopepuka, miyendo ikhale yomasuka ndipo musiye akangoyamba kuyesa kugubuduka. Kumugoneka chafufumimba pamkono panu mutu uli chakuchigongono inu mukuyenda pang'onopang'ono, phokoso losasintha ngati la fani kapena "shhh" pafupi ndi khutu, kumusambitsa madzi ofunda, kumusisita pamimba mofatsa, kupalasa timiyendo, kuzimitsa magetsi ndi TV chifukwa ena madzulo amakhala atatopa ndi zoona ndi zomva. Za kunyamula pali chinthu chochititsa chidwi, mu 1986 ku Montreal anapeza kuti makanda wamba omwe ankanyamulidwa maola ambiri ankalira mochepa ndi 43 pa 100 pa masabata 6, koma atabwereza mu 1991 pa ana a koliki enieni kunyamula kowonjezera sikunasinthe kanthu. Ndikunena izi kuti mayi amene wamubereka mwana tsiku lonse koma akulirabe asadzione ngati akulephera, koliki ndi wotero, pena palibe chomwe chimagwira. Njira zimenezi sizichiza, zimangofupikitsa madzulo ena, lero igwira mawa ikana, koma sizidya ndalama ndipo sizivulaza. Chimodzi chokha, olo atatonthola atagona chafufumimba pamkono panu, pomugoneka pabedi agone chagada nthawi zonse.

Ndikaziyika pamodzi, ine ndingayambe ndi kuchipatala, kenako kuonetsa kayamwidwe, ngati ali pa bere ndiyese reuteri kwa masabata 3, ngati pali zizindikiro za mkaka wa ng'ombe ndiyese zimenezo mothandizidwa ndi dokotala, ndipo ndiziyesa chimodzi pa nthawi imodzi uku ndikulemba pa pepala kapena pa foni maola omwe walira tsiku lililonse, chifukwa mutu wosagona sukumbukira bwino ndipo mukayamba zinthu zitatu tsiku limodzi simudziwa chomwe chathandiza. Simethicone ndi wongoyesa ngati mtima ukufuna kuchitapo kanthu. Gripe water, zitsamba ndi kuwongola msana ndingazisiye. Ngati mwatsimikiza mtima kuti mupitabe kwa chiropractor, poti mwana ndi wanu, ndiye ayambe waonedwa ndi dokotala, funsani ngati munthuyo ali m'kaundula wa bungwe lovomerezeka, mufunseni akuonetseni padzanja lanu mphamvu yomwe adinire, musatuluke m'chipindamo, musalole kupotoza kapena kukoka khosi kapena kumuzondotsa, ndipo akayamba kukuuzani zolipiriratu maulendo ambirimbiri, zojambula X-ray khanda kapena zonyoza katemera, nyamulani mwana wanu muzipita.

Koma choopsa chachikulu pa koliki sichili m'mimba mwa mwana, chili pa munthu wamkulu amene wamunyamula. Kulira kosatonthozeka ndi chinthu chomwe chimachititsa kwambiri kuti anthu agwedeze makanda mwaukali, ndipo nthawi yomwe ana ogwedezedwa amachuluka m'zipatala imayenderana ndi nthawi yomwe kulira kumafika pachimake, n'chifukwa chake dokotala Ronald Barr wa ku Canada, yemwe wafufuza za kulira kwa makanda kwa zaka zambiri, anathandiza kuyambitsa pulogalamu yophunzitsa makolo yotchedwa Period of PURPLE Crying. Masekondi ochepa okha ogwedeza amatha kung'amba mitsempha ya mu ubongo, mwana n'kuchita khungu, kulumala moyo wonse kapena kufa, ndipo amene amachita zimenezi nthawi zambiri si zigawenga ayi, ndi anthu wamba omwe sanagone masiku ambiri n'kufika pothedwa nzeru. Mukamva mkwiyo ukukwera, mano mwaluma, mugonekeni chagada pamalo ake otetezeka, tulukani, tsekani chitseko, khalani mphindi 10, imwani madzi, imbirani wina foni, kenako mubwerere. Kulira yekha mphindi 10 sikumupweteka. Uzaninso aliyense amene mumamusiyira mwana zomwezi, abambo ake, agogo, wantchito, mosachita manyazi.

Abambo, apa ndi panu. Maola a madzulowo gawanani, wina atenge kuyambira 6 mpaka 9 wina agone ndithu kuchipinda china, osati kugona khutu lili kwa mwana. Amayi omwe ana awo ali ndi koliki amapezeka kwambiri ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa akabereka, nde ngati mayi akungolira, sakufuna kudya, sakugona olo mwana atagona, akunena kuti ndine mayi woipa kapena akuganiza zodzipweteka kapena kupweteka mwana, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, mankhwala ndi uphungu zilipo ndipo ambiri mwa mankhwalawo amalola kupitiriza kuyamwitsa. Mwanayo naye mubwerere naye ngati kalilidwe kasintha n'kukhala kosiyana ndi ka masiku onse, ngati patuluka chimodzi mwa zizindikiro ndatchula zija, kapena ngati wadutsa miyezi 4 kulira kusakutsika.